Dr John Sampson, dotolo amene anatcha dzina matenda a endometriosis

Dr John Albertson Sampson anabadwa mu 1873 pafupi ndi Troy, m'dziko la America. Atamaliza maphunziro a udotolo ku Johns Hopkins mu 1899, anakakhazikika ku Albany, kumene ankachita opaleshoni amayi ovutika ndi ululu wosaneneka akakhala kumwezi, ululu umene mpaka lero ambiri amangouzidwa kuti aupirire.

Pa matumba a mazira a amayiwo anapezapo zotupa zodzaza magazi akale, ooneka ngati chokoleti. Mu 1927 anafotokoza kuti magazi a kumwezi amatha kubwerera kudzera m'machubu, atanyamula tizidutswa ta m'kati mwa chiberekero timene timakamera kunja kwake. Madotolo akukambiranabe ganizo limeneli.

Dr Sampson anamwalira ku Albany mu 1946.