Denis Burkitt

Denis Parsons Burkitt (28 Febuluwale 1911 – 23 Marichi 1993) anali dokotala wochita maopaleshoni wa ku Ireland. Ndiye adayamba kufotokoza bwino za khansa yotupitsa nsagwada ndi mimba za ana, yomwe lero imadziwika ndi dzina lake. Amakumbukikanso chifukwa cha mapu a matendawa omwe adajambula ndi ndalama zochepa kwambiri, atasonkhanitsa malipoti a zipatala za mu Africa, kuphatikizapo za ku Nyasaland.

Ubwana ndi maphunziro

Burkitt adabadwira ku Enniskillen. Bambo ake, James Burkitt, anali injiniya yemwe ankakondanso kufufuza za mbalame. Ali ndi zaka 11, Denis adavulala ndipo diso lake lakumanja lidafa. Adaphunzira ku Trinity College, Dublin, komwe adayamba ndi uinjiniya kenako nkusinthira ku udokotala, ndipo adamaliza mu 1935. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adagwira ntchito ngati dokotala wa asilikali ku Kenya ndi ku Somaliland. Mu 1946 adapita ku Uganda, ndipo pambuyo pake adakhazikika pa chipatala cha Mulago ku Kampala.

Kusonkhanitsa malipoti

Mu 1957 Burkitt adaona mwana wotupa nsagwada zonse, ndipo pasanapite nthawi adaonanso wina wodwala chimodzimodzi. Atafufuza m'mafayilo akale a chipatala, adapeza ana enanso ambiri, ndipo mu 1958 adalemba zomwe adapeza m'magazini ya British Journal of Surgery. Poyamba madokotala ambiri sadalabadire nkhaniyi.

Nthawi imeneyo kunalibe makompyuta m'zipatala za kuno. Ndi thandizo la mapaundi 25 okha, Burkitt adasindikiza timapepala toposa 1,000 tokhala ndi zithunzi ndi mafunso, nkutitumiza pa positi ku zipatala za boma ndi za mishoni. Yankho lililonse likafika, ankaika chizindikiro pa mapu.

Ulendo wa 1961

Mu Okutobala 1961 Burkitt adanyamuka ku Kampala ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, pa galimoto yakale ya Ford. Bungwe la Medical Research Council la ku Britain lidathandizapo ndi mapaundi 250. Kwa masabata 10 adayenda makilomita pafupifupi 16,000, nayendera zipatala zoposa 50 m'maiko monga Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique ndi South Africa.

Ku Nyasaland adapeza kuti odwala ankachokera makamaka m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, pomwe kumapiri anali osowa. Kusiyana kwa malowa nkomwe munthu amakumva akamatsika kuchoka ku mapiri ozizira a Dowa ndi Ntchisi kupita ku Salima kapena Nkhotakota. Mapu adaonetsanso kuti munthu akamatalikira equator kulowera kummwera, matendawa ankangopezeka m'malo otsika okhaokha. Apa zidadziwika kuti chomwe chinkaika malire si kutalika kwa phiri koma kutentha ndi mvula, zomwenso udzudzu umafuna. Pambuyo pake ofufuza adagwirizana kuti malungo obwerezabwereza ndi amodzi mwa zinthu zomwe zimachititsa khansayi.

Kachilombo ndi mankhwala

Mu Marichi 1961 Burkitt adakamba za matendawa pa chipatala cha Middlesex ku London, ndipo mmodzi mwa omvera anali Anthony Epstein. Burkitt adayamba kumutumizira tizidutswa ta zotupa kuchokera ku Kampala. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapezamo kachilombo komwe kadatchedwa Epstein–Barr, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu.

Burkitt adayesanso mankhwala a methotrexate ndi cyclophosphamide omwe adapempha ku makampani, ndipo ana ena adachira atalandira mankhwala ochepa chabe.

Zaka zomaliza

Mu 1966 adasamukira ku Britain. Poyerekeza malipoti a zipatala za mu Africa ndi za ku Ulaya, adaphunzitsa kuti khansa ya m'matumbo ndi matenda ena zimachuluka komwe anthu amadya ufa woyeretsa kwambiri, osati zakudya zokhala ndi gaga monga mgaiwa, nyemba ndi masamba. Mu 1972 adalandira mphoto ya Lasker komanso adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society. Adamwalira ku Gloucester ali ndi zaka 82.

Ku Malawi khansa ya Burkitt ikadali imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana. Odwala amathandizidwa pa zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo mwana amene wafika msanga amakhala ndi mwayi waukulu wochira.