John Chilembwe ndi nkhondo ya eni ake

Chaka chilichonse pa 15 Januwale sitibwera kusukulu chifukwa ndi tsiku lokumbukira a John Chilembwe. Nkhope yawo timaiona pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000, moti ngakhale mwana wa Fomu 1 amaidziwa. Koma titafunsa m'makalasi chimene chinachititsa kuti m'busa wophunzira ngati ameneyu atenge zida, ambiri anatchula thangata basi. Yankholi ndi loona, koma silinathere pomwepo. Chinanso chinali nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani, imene mfuti zake zinalira kumpoto konkuno, ku Karonga, mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera mu Mzuzu. N'chifukwa chake taganiza zofotokozera ophunzira, makolo ndi akomiti mbiri ya bambowa pamodzi ndi nkhondoyo.

A Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'dera la Chiradzulu. Bambo awo anali Myao, mayi awo Mmang'anja. Pa nthawiyo dziko lotchedwa Nyasaland kunalibe. Iwo akukula, mayiko a ku Ulaya anali kulimbirana dera lino. Apwitikizi ankafuna kulumikiza Mozambique ndi Angola podutsa m'chigwa cha Shire, ndipo mu 1889 asilikali a Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo. Mu Januwale 1890 Angerezi anaopseza Apwitikizi kuti achotse asilikali awo, ndipo anachotsadi. Chaka chomwecho Angerezi anagwirizana ndi Ajeremani za malire a kumpoto, kutsata mtsinje wa Songwe ndi gombe la kuvuma kwa nyanja. Mu 1891 anamaliza pangano lina ndi Apwitikizi, n'kulengeza kuti dziko lino lili m'manja mwa Britain. Mapu amene timajambula m'makope athu anachokera pa mikangano imeneyi. Mabanja a Ayao, Alomwe, Achewa ndi Angonde anapezeka ali mbali ziwiri za malire popanda wowafunsa maganizo.

Mu 1892 a Chilembwe analowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale wina wachingerezi, Joseph Booth, amene anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Booth anali wosiyana ndi azungu anzake. Ankanena poyera kuti Africa ndi wa Aafirika, ndipo boma la atsamunda linkamuona ngati munthu wovuta. Mnyamatayo anaphunzira zambiri pakhomopo, anabatizidwa mu 1893, ndipo mu 1897 anapita ndi Booth ku America. Kumeneko mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention unawalipirira maphunziro pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Anaona ndi maso awo tsankho limene anthu akuda ankakumana nalo, komanso anaona anthu omwewo akuyendetsa okha sukulu, mipingo ndi manyuzipepala.

Atabwerera kwawo mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Anthu awiri akuda ochokera ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, anadzawathandiza mpaka mu 1906. Pa mishoniyo ana ankaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu, amayi ankaphunzira kusoka, ndipo ulimi unali mbali ya maphunziro. Pofika 1912 sukulu zawo zinali ndi ana pafupifupi 1,000, ndipo mu 1913 anamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa. Zaka zonsezi a Chilembwe ankakhulupirira kuti munthu wakuda akaphunzira, n'kumavala bwino ndi kugwira ntchito molimbika, mzungu adzamulemekeza.

Zimene zinkachitika pafupi ndi mishoniyo zinatsutsa chikhulupiriro chimenechi. Ku Magomero kunali esiteti yaikulu ya A. L. Bruce, imene woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Anthu okhala pamalowo, ambiri mwa iwo Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ankalipira malo pogwira thangata. Miyezi ya thangata inkatalikitsidwa, malipiro ankachepetsedwa, ndipo chikoti sichinkasowa. Nyumba zopemphereramo ndi zophunziriramo zimene anthu a Chilembwe ankamanga pa esitetiyo zinkatenthedwa. Kenaka kunagwa njala mu 1912 ndi 1913, koma msonkho wa nyumba unkatoleredwabe. A Chilembwe eni ake anali ndi ngongole, ankadwala mphumu, ndipo maso anali atayamba kuwavuta.

Panalinso nkhani ina imene inkawawawa kuyambira kale. Angerezi ankalemba anyamata a kuno usilikali, makamaka Atonga a m'mbali mwa nyanja ndi Ayao, n'kuwatumiza kukamenya nkhondo kutali. Mu 1900 anakamenya nkhondo ndi Aashanti m'dziko limene lero ndi Ghana. Pambuyo pake anapita ku Somaliland, kumene mu 1903 ambiri anaphedwa pa malo otchedwa Gumburu. Gulu lawo linatchedwa King's African Rifles kuyambira mu 1902. A Chilembwe ankadandaula kuti anyamatawa akufera nkhani zosawakhudza, ndipo akazi awo amasiye akulipitsidwabe msonkho.

Pa 4 Ogasiti 1914 Britain inalowa m'nkhondo yolimbana ndi Germany. Tanzania ya lero inali m'manja mwa Ajeremani, choncho malire athu a kumpoto anasanduka bwalo la nkhondo. Pa 13 Ogasiti sitima yapamadzi ya Angerezi, Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inawoloka nyanja n'kukawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene inali pamtunda kukonzedwa padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Kuyambira tsikulo nyanja inali m'manja mwa Angerezi. Pa 9 Sepitembala Ajeremani anaukira boma la Karonga koma anabwezedwa. Mwa amene anafa tsikulo, mbali zonse ziwiri, ambiri anali Aafirika.

Uthenga wa maliro a ku Karonga utafika kummwera, a Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Anakumbutsa boma kuti anthu a dziko lino anakhetsa kale magazi awo m'nkhondo za Angerezi osapindulapo kanthu. Ananena kuti nthawi ya mtendere zabwino zonse zimakhala za azungu, koma nkhondo ikabuka munthu wakuda ndiye amakumbukiridwa. Anapempha kuti kunkhondoko kupite anthu olemera ndi eni minda amene akudziwa chimene akulimbirana, osati amphawi amene akafa amasiya akazi ndi ana pa umphawi. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa, ndipo linayamba kukonza zowachotsa m'dziko muno. Apa mpamene munthu amene anakhala zaka 14 akudalira sukulu ndi makalata anataya mtima.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu awo anagawikana m'magulu. Gulu lina linapita ku Magomero, kumene linapha Livingstone n'kumudula mutu, ndipo azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, anaphedwanso. Akazi ndi ana a azunguwo sanavulazidwe, potsata lamulo la a Chilembwe. Gulu lina linapita ku Mandala ku Blantyre kukalanda mfuti, koma linangopeza zochepa. Anzawo a ku Ntcheu, otsogozedwa ndi Filipo Chinyama, sanaphule kanthu. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya Nguludi inatenthedwa. A Chilembwe anatumizanso mthenga kwa Ajeremani kukapempha thandizo, koma yankho lisanawapeze zonse zinali zitatha. Pa 3 Febuluwale 1915 anawomberedwa ndi apolisi achikuda m'dera la Mulanje, akulowera ku Mozambique. Otsatira awo oposa 30, kuphatikizapo John Gray Kufa, ananyongedwa kapena kuwomberedwa atazengedwa milandu mofulumira, ena pafupifupi 300 anamangidwa, ndipo tchalitchi cha ku Mbombwe chinaphulitsidwa.

Pali mbali ina imene ikutikhudza ife. Mu Novembala 1914 ufumu wa Ottoman, wa ku Turkey, unalowa m'nkhondoyi kumbali ya Germany, ndipo Angerezi ankaopa kuti Asilamu a m'maiko amene ankawalamulira awaukira. Koma kuno kuukira kunachokera kwa m'busa wachikhristu. Mafumu ambiri a Chiyao sanalowe nawo, ndipo anyamata ambiri achisilamu anali m'gulu la King's African Rifles. Sitikunena izi pofuna kuyamikira kapena kunyoza mbali ina. Atsamunda ankadziwa kugawa anthu potengera mtundu ndi chipembedzo, koma chipolopolo cha ku Karonga ndi msonkho wa nyumba sizinkasankha wa kumzikiti kapena wa kutchalitchi. Kalata ya a Chilembwe inkalankhulira akazi amasiye a mbali zonse.

Zimene ankaopa zinachitikadi, mwinanso kuposa. Kuyambira 1916 asilikali a General Northey analowa m'dziko la Ajeremani kudzera kumpoto kuno, ndipo nkhondo inapitirira mpaka mtsogoleri wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino analowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu m'madera opanda misewu. Dziko lonse panthawiyo linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri ankagwidwa mokakamiza kudzera mwa mafumu. Anafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, minda kumudzi inagonera, ndipo nkhondo itangotha kunabwera mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919.

Obwerako anabwera ndi maso ena. Anali ataona mzungu akuthawa, akudwala ndi kufa ngati munthu wina aliyense. Magule a malipenga ku Nkhata Bay ndi beni kwa Ayao, ndi mayunifolomu ake ndi maudindo ake achisilikali, anafala m'nyengo imeneyi. Anthu ophunzira anatolapo phunziro lakuti mikondo yochepa singagonjetse boma, choncho analimbikitsa mabungwe. North Nyasa Native Association inali itayamba kale mu 1912, ndipo mu 1920 kunabadwa Mombera Native Association kuno kwa Angoni. Mmodzi mwa atsogoleri a mabungwewa, Levi Mumba, ndiye anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, nkhondo yachiwiri ili mkati. Mishoni ya ku Mbombwe inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu. Sekondale yoyamba m'dziko muno, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940, patatha zaka 25 a Chilembwe atafa.

Mzinda wathu nawo uli ndi zipsera za nkhondozi. Dzina la Moyale, limene timalimva pa kampu ya asilikali ndi pa timu ya mpira, ndi la tawuni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali a ku Nyasaland analimbana ndi Ataliyana mu 1940. Ena anakafika mpaka ku Burma. Mzuzu weniweniyo anakula kuchokera pa minda ya mitengo ya tung imene inatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene Britain, itasauka ndi nkhondo, inkafunafuna chuma m'maiko amene inkawalamulira. Kufooka komweko kunathandiza kuti tilandire ufulu pa 6 Julaye 1964. Ngakhale mkangano wa malire a panyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania umabwerera ku pangano lija la Angerezi ndi Ajeremani la 1890.

Kodi a Chilembwe tiwaweruze bwanji? Sitibisa kuti pa 23 Januwale panakhetsedwa magazi, ndipo kudula munthu mutu si chinthu choti tiphunzitse ana athu kuchinyadira. Kuukirako sikunakonzedwe bwino, ndipo amene analipira kwambiri anali anthu osauka a ku Chiradzulu, omwe midzi yawo inatenthedwa. Komabe sitingaiwale kuti bambowa anayamba ndi sukulu, kenaka madandaulo, kenaka kalata, ndipo zitseko zonse zinatsekedwa. Anali mwa anthu oyambirira kulankhula m'dzina la anthu onse a dziko lino, osati mtundu umodzi, pa nthawi imene dzikolo linali lisanakwanitse zaka 25. Funso lawo, lakuti nkhondo ndi ya yani ndipo wolipira ndani, ophunzira athu ayenera kumalifunsa akamawerenga mbiri ya dziko lililonse.

Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, koma amtengatenga ambiri anakwiriridwa m'tchire popanda chizindikiro. Mayina awo atsala m'mitu mwa agogo athu okha. Tikupempha ophunzira kuti pa tchuthi chikubwerachi mukakhale pansi ndi akuluakulu a kwanu, kaya ndi ku Karonga, Nkhata Bay, Mzimba, Nkhotakota kapena Mangochi, n'kuwafunsa ngati m'banja mwanu munali wina amene anapita ku nkhondo ya Ajeremani kapena ya ku Burma. Lembani dzina lake, mudzi wake, ndiponso ngati anabwerako. Makolo, athandizeni anawa powalozera oyenera kuwafunsa. Zimene mupeze mudzapereke kwa aphunzitsi a mbiri sukulu ikatsegulidwa, kuti pa 15 Januwale chaka chamawa tidzawerenge mayinawo pamodzi.