JOSEPH KEKUKU: MWANA WA SUKULU AMENE ADAGONEKA GITALA PAMIYENDO

Akuluakulu amene adakula m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 amalikumbukira bwino liwu lakuti hauyani. Liwuli limanena kaimbidwe ka gitala kamene woimba sakanikiza nsambo ndi zala, koma amatsetsereza botolo kapena mpeni pamwamba pa nsambozo, gitala nkumalira ngati munthu wodandaula. Ambiri amaliyesa liwu la Chicheŵa chenicheni, pamene gwero lake ndi dzina la Hawaii, zisumbu zimene zili pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific. M'ndime yathu ya lero tiona moyo wa munthu amene adayambitsa kaimbidwe kameneka ali mwana wa sukulu.

Joseph Kekuku adabadwa m'chaka cha 1874 m'mudzi wa Laie, pa chisumbu cha Oahu. Pa nthaŵiyo dziko la Hawaii lidali ndi mafumu akeake. Gitala adali atafika kale kumeneko kudzera mwa alendo, ndipo eni dziko adali atapeza njira yaoyao yokungira nsambo, yoti ukangozikhwacha zonse pamodzi popanda kugwira paliponse, zimatulutsa mawu ogwirizana. Kakungidwe kameneka ndiko kadatsegula njira ya zimene mnyamatayu adadzachita.

Nkhani imene imakambidwa kwao ndi yakuti tsiku lina Kekuku adatola bawuti m'mbali mwa njira, ndipo italikhudza gitala lake padamveka kulira kumene sadakumvepo. Wina akadangoseka nkuitaya bawutiyo. Iye adayesa msana wa mpeni, adayesa chipeso chachitsulo, adayesanso tambula, kufunafuna chimene chingatulutse mawu osalala ngati a vayolini imene msuweni wake Samuel Nainoa ankaimba.

M'chaka cha 1889 adaloŵa sukulu ya anyamata ya Kamehameha mu mzinda wa Honolulu. Sukuluyi idatsegulidwa mu 1887 ndi chuma chimene adasiya mwana wamkazi wa banja lachifumu, Bernice Pauahi Bishop, ndipo inkalimbikitsa kwambiri ntchito zamanja. M'nyumba yosuliramo zitsulo ya pasukulupo ndimo Kekuku adathetsa mavuto atatu amene ankamsautsa. Poyamba adadzisulira kachitsulo kobulungira ndi kosalala, kokwana m'dzanja. Kachiŵiri, poona kuti kachitsuloko kankagunda timizere ta pakhosi pa gitala nkumasokosa, adazikweza nsambo kuti zitalikirane ndi khosilo. Kachitatu adasiya nsambo zofeŵa za matumbo nkuika za waya, chifukwa waya ndiye amalira nthaŵi yaitali akakhudzana ndi chitsulo.

Padatsala funso la kagwiridwe. Gitala wamba amakumbatiridwa pachifuwa, koma dzanja logwira kachitsulo silingayende momasuka gitala ali choimirira chotero. Tsono Kekuku adakhala pansi nkuligoneka chagada pamiyendo pake, nsambo zikuyang'ana kumwamba. Kunena zoona, choikapo choyamba cha gitala la mtundu umenewu adali maondo a mwini wake, ndipo dzina lake la Chingerezi lakuti lap steel limanena zomwezo: chitsulo choimbira pamiyendo. Ahawaii amalitcha kika kila. Ntchito yonseyi idamtengera zaka zingapo, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Anzake a m'kalasi adaphunzira kwa iye, ndipo pobwerera kwao adafalitsa lusolo m'zisumbu zonse. Alipo ena, monga James Hoa ndi Gabriel Davion, amene amatchulidwanso kuti adayesako kutsetsereza zinthu pa nsambo, koma akatswiri ambiri a mbiri amavomereza kuti amene adalikonza lusoli kufikira likhale chida chenicheni ndi Kekuku.

Zaka zimenezo zidali zoŵaŵa kwa anthu a mtundu wake. Mu 1893 azungu eni minda ndi malonda adachotsa pampando Mfumukazi Liliuokalani. Mu 1896 padakhazikitsidwa lamulo lakuti m'sukulu aziphunzitsa m'Chingerezi, ndipo mu 1898 dziko la America lidalanda zisumbuzo. Oimba ambiri adayamba kutuluka kukafuna moyo kunja. Kekuku nayenso adanyamuka mu 1904 kupita ku America, ndipo sadabwererenso kwao. Kumeneko adayenda m'mizinda yambiri akuimba ndi kuphunzitsa. Chionetsero chachikulu cha mu 1915 ku San Francisco chidachititsa kuti nyimbo za Chihawaii zitchuke ponseponse, mbale zake za galamafoni nkumagulidwa ngati mchere. Motero mtundu umene udalandidwa dziko ndi chiyankhulo udamveketsa mawu ake pa dziko lonse kudzera m'nsambo.

Mu 1919 Kekuku adaolokera ku Ulaya, kumene adakhala zaka 8 akuimba, makamaka m'seŵero lotchuka la The Bird of Paradise. Atabwerera ku America adatsegula sukulu ya zoimbaimba ku Chicago, kenaka adasamukira ku Dover m'chigawo cha New Jersey pamodzi ndi mkazi wake Adeline. Adamwalira pa 16 January 1932, ndipo adaikidwa m'manda a ku Dover komweko, kutali ndi nyanja ya kwao.

Chida chake sichidaime pomwepo. M'chaka chomwe iye adamwalira, gitala lamagetsi loyamba kugulitsidwa m'masitolo lidatuluka, ndipo lidali la mtundu wa Kekuku, loimbira pamiyendo. Adalikonza ndi George Beauchamp ndi kampani imene idadzatchedwa Rickenbacker, ndipo anthu adalipatsa dzina lakuti Frying Pan poona kuti linkafanana ndi chiwaya. Posakhalitsa oimba adafuna kakungidwe kosiyanasiyana pa chida chimodzi, choncho amisiri adayamba kulumikiza makosi aŵiri, atatu, ngakhale anayi. Katundu wotereyu adalemera kwambiri moti miyendo ya munthu sikadatha kumsenza usiku wonse. Apa mpamene gitala lidapatsidwa miyendo yakeyake, itatu kapena inayi, nkusanduka kathebulo kamene woimba amatha kukhalira pampando kapena kuimirira. Pambuyo pake adawonjezerapo zopondera zosintha mawu a nsambo, ndipo ndiko kulira kumene timakumva m'nyimbo zambiri za country zimene Amalaŵi amazikonda.

Mfundo ya choikapo sidasinthe chiyambire pa maondo a Kekuku. Gitala liyenera kugona mosapendekeka, lisagwedezeke pamene kachitsulo kakuyenda, ndipo msinkhu wake ukhale woti mikono ya woimba isakwere kapena kulendeŵera. Mmisiri wa matabwa wa ku Mchesi kuno ku Lilongwe, kapena wowotcherera zitsulo wa ku Old Town, atauzidwa zinthu zitatu zimenezi angathe kupanga choikapo chabwino popanda kuitanitsa kanthu kunja.

Nanga lusoli lidafika bwanji kwathu kuno? Lidadza ndi mbale za galamafoni, ndiponso ndi abale athu amene ankabwerera kuchokera ku migodi ndi m'mizinda ya kumwera atanyamula magitala. Kachitsulo kosula kadali kosoŵa, koma botolo ndi mpeni zidalipo m'nyumba iliyonse. Oimba monga Ndiche Mwarare adatchuka ndi hauyani, akuimba nyimbo za kwathu m'chiyankhulo chathu. Katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik, amene adayamba kufufuza nyimbo za banja la a Kachamba a ku Chileka mu 1967, adalembanso za kaimbidwe kameneka.

Ulemu wa Kekuku udadza mochedwa. Dzina lake lidalembedwa m'gulu la akatswiri la Steel Guitar Hall of Fame mu 1993, patapita zaka 61 chimwalirire, ndipo chifanizo chake chidaimikidwa kwao ku Laie mu 2015.

Aphunzitsi anzanga, moyo umenewu uli ndi funso kwa ife. Kekuku adali ndi khutu ndi khama, koma chikhala kuti sukulu yake idalibe nyumba ya ntchito zamanja, kapena kuti wina adamlanda kachitsulo kaja pomuyesa wosokosa, bwenzi zonse zitathera pa bawuti. M'makalasi mwathu muli ana amene amapanga mabanjo a zigubu ndi magalimoto a mawaya. Tiŵayang'ane kaŵiri tisanaŵadzudzule. Ndipo inu amene mwatsiriza sukulu nkukhala mukudikira ntchito ya mu ofesi ku City Centre, kumbukirani kuti chimene chidamveketsa Hawaii mpaka m'midzi ya Malaŵi chidatuluka m'manja a mnyamata amene adali asanalandire setifiketi.