Abineri, Kazembe wa Nkhondo wa Sauli

Inu amene mulikukonzekera ubatizo, mwamva kale za Sauli ndi Davide. Tsopano imvani za munthu amene anaima pakati pao, Abineri mwana wa Neri, amene anakhala ndi moyo zaka ngati 1000 Ambuye Yesu asanabadwe. Iyeyu anali wa banja la Sauli, ndiponso mkuru wa ankhondo ace.

Sauli atafa pa phiri la Giliboa, a fuko la Yuda anadzoza Davide ku Hebroni. Koma Abineri anatenga Isiboseti mwana wa Sauli, naoloka naye mtsinje wa Yordano, namlonga ufumu ku Mahanaimu. Mpando unali wa Isiboseti, mkondo unali m'manja mwa Abineri. Mbali ziwirizo zitakomana ku thamanda la Gibeoni, Abineri anagonja, nataya anthu 360. Pothawa anapha Asaheli, mbale wa Yoabu kazembe wa Davide, atamcenjeza kawiri kuti aleke kumlondola.

Kapena mudzati munthuyu anali wokhulupirika kwa mbuye wace. Taonani cimene cinamtembenuza. Isiboseti anamdzudzula pa nkhani ya Rizipa, mkazi wamng'ono wa Sauli. Abineri anapsa mtima, ndipo mu ukali womwewo anaulula kuti analikudziwa lumbiro la Mulungu lakupatsa Davide ufumu. Analikudziwa! Nthawi yonseyo anakhetsa mwazi wa abale kutsutsana ndi mau amene anawadziwa, nawakumbuka tsiku lokhalo limene ananyozeka iye mwini.

Pamenepo anatuma mithenga kwa Davide, nakopa akuru a Israyeli ndi a fuko la Benjamini. Davide anafuna kuti ambwezere mkazi wace Mikala. Ndipo mwamuna amene anamlanda mkaziyo, Palitieli, anamtsata alikulira kufikira ku Bahurimu, kumene Abineri anambweza.

Abineri anafika ku Hebroni ndi anthu 20, Davide nawakonzera phwando, nawalola apite mumtendere. Koma Yoabu sanaiwale mwazi wa Asaheli. Anatuma anthu akambweze, Davide osadziwa, nampambutsa pacipata ngati afuna kunena naye zam'tseri, namlasa m'mimba.

Davide anatsata cithatha ca maliro, nalira pamanda, nakana kudya kufikira kulowa kwa dzuwa. Isiboseti pakumva analefuka. Posacedwa akazembe ace awiri anamupha ali gone pakama, ndipo mutu wace unaikidwa m'manda a Abineri ku Hebroni.