Mayi Mary Sumner, Mayi Wamasiye Mnzathu

Amayi anzathu, Mayi Mary Sumner, omwe anayambitsa Mothers' Union ku Old Alresford, England, mu 1876, anabadwa mu 1828. Pomwe ankakwatiwa ndi a George Sumner mu 1848, lamulo lakwawo linkaika katundu wa mkazi m'manja mwa mwamuna, kufikira pomwe linasinthidwa mu 1870 ndi 1882. Bamboyo anamwalira mu 1909 atakhala m'banja zaka 61. Mayiwa anakalamba ali amasiye, nkumwalira mu 1921.

Ife kuno ku Chisepo tikamawakumbukira, tisaiwale agogo amasiye omwe abale a malemu amawalanda nyumba ndi mbuzi akangoika maliro. Lamulo lathu la 2011 limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Tiyeni tiziwaperekeza kwa a DC ku Dowa, tizilimbikitsanso amuna athu kulemba wilo.