James Chuma, Mnyamata wa Maulendo Atali

James Chuma anali Myao. Akali mwana anagwidwa ukapolo, koma m'caka ca 1861 Dr. David Livingstone pamodzi ndi Bishopu Mackenzie anamuombola ku mapiri a ku Shire. Pambuyo pace anapita ku Bombay, m'dziko la India, kumene anaphunzira sukulu nabatizidwa m'caka ca 1865.

M'caka ca 1866 Chuma ananyamuka ndi Livingstone pa ulendo wace wotsiriza. M'mwezi wa December anatsikira m'cigwa ca Luangwa, mvula itayamba. Anadutsa nkhalango za tsanya m'matope ndi m'kutentha, naoloka mtsinje, nayamba kukwera mapiri a Muchinga. Kumeneko anapeza njala. Mbuzi zimene Livingstone anali kumwako mkaka zinasowa, ndipo anthu anakhalira bowa ndi ufa pang'ono wa mawere. Mu January 1867 amtengatenga awiri anathawa ndi bokosi la mankhwala. Ambiri anali atabwerera kale m'njira, koma Chuma anapitirira.

M'caka ca 1873 anafika ku madambo a Bangweulu, kumene anayenda m'madzi masiku ambiri. Livingstone atafoka ndi nthenda, anyamata ace anamuolotsa mitsinje pa mapewa, ndipo potsiriza anamnyamula pa macila. Anamwalira m'mwezi wa May, pa mudzi wa Chitambo.

Pamenepo Chuma ndi mnzace Susi anapangana kupereka maliro kwa abale ace, cingakhale nyanja yamcere inali kutali mamailosi oposa 1,000. Anakwirira mtima patsinde pa mtengo wa mpundu. Thupi analithira mcere, naliumitsa padzuwa masabata awiri, nalikulunga m'nsaru ndi m'khungwa la mtengo. M'njira ambiri anadwala, ndipo ulendo unaima kufikira atapezanso mphamvu. Popeza eni midzi ena anaopa kuti mtembo upite m'dziko lao, anaumanga ngati mtolo wa nsaru zamalonda. Ku Unyanyembe Mzungu wina, Cameron, anawauza kuti auike pomwepo, koma iwo anakana. Anafika ku Bagamoyo mu February 1874, atatha miyezi isanu ndi inai, ndipo Livingstone anaikidwa ku Westminster Abbey, mu London.

Caka comweco Chuma anapita ku Mangalande kukafotokoza za masiku otsiriza a Livingstone. Atabwerako anatumikira mpingo wa U.M.C.A., umene pambuyo pace unamanga misyoni ya Msoro pakati pa Akunda. M'zaka za 1879 ndi 1880 anatsogolera amtengatenga a Joseph Thomson kufikira ku nyanja ya Tanganyika. Anamwalira ku Zanzibar m'caka ca 1882, akali ndi zaka ngati 30.

Chuma sanali mfumu kapena mwini cuma. Dzina lace likumbukika cifukwa anapirira njala, dzuwa ndi matope, ndipo sanatule katundu wace asanafike kumene anapangana.