MBIRI YA LOUIS PASTEUR

Abale a ku Chamama, mudziwa inu kuti thobwa likagona masiku angapo liwira, nilisanduka mowa. Makolo athu anacidziwa ici kalekale, koma amene analondola cocititsa cace ndiye Louis Pasteur wa ku France.

Iyeyu anabadwa pa 27 Disembala 1822 m'mudzi wa Dole. Atate wace anali wofufuta zikopa. Atatha maphunziro ace, anamuika mphunzitsi wamkulu ku Lille m'caka ca 1854. Kumeneko, mu 1856, munthu wina wophika kacasu wa mizu yozuna yochedwa biti anamdandaulira kuti mbiya zace zinalikusasa, ndipo cuma cace cinalikutha. Pasteur anatungako m'mbiyazo, napenya ndi galasi lokuza zinthu. M'mbiya zabwino anaona tizamoyo tobulungira, ndito yisiti, cotupitsa mkate cija. M'zosasa anaona tina tonga timitengo. Potero anazindikira kuti kuwira kwa mowa ndi nchito ya zamoyo zakudya shuga.

Mu 1861 anaonetsa kuti yisiti iri nazo njira ziwiri. Ikapeza mpweya icuruka msanga, nidya shuga pang'ono. Ikautsekeredwa siifa, koma idya shuga wambiri, nimsandutsa mowa ndi thobvu.

Anzeru akumtsata anapeza cifukwa cace. Zamoyo zonse zimangika ndi tizipinda tating'ono tochedwa maselo, ndipo mphamvu yao aitenga mu shuga wochedwa glukosi. Pakakhala mpweya wa okosijeni, selo liphwanya glukosi kotheratu, nilipata miyeso ya mphamvu ngati 30. Otsala ndi madzi ndi mpweya woipa umene tiutulutsa popuma. Popanda okosijeni limphwanya mwapang'ono, nilipata miyeso 2 yokha. Cifukwa cace yisiti yotsekeredwa idya kwambiri.

Comweco cicitika m'thupi lanu. Pounda mizere ya fodya mofulumira, okosijeni acepa m'minofu. Pamenepo minofu itsata njira yaciwiri, nipanga asidi yemwe uja asasitsa mkaka. Njirayi ipatsa mphamvu msanga, koma siikhalitsa. Ndipo mukaika khasu pansi mupumabe wefuwefu kufikira thupi litabwerera m'malo.

Pasteur anaona zowawa zambiri. Mwa ana ace 5, atatu anamwalira ali ang'ono, awiri a iwo ndi nthenda ya taifodi. Mu 1868 iye mwini anauma ziwalo mbali ya kumanzere, koma nchito sanaileke. Anaonetsa kuti tizamoyo tina tidwalitsa anthu ndi ziweto, ndipo mu 1885 anapulumutsa ndi katemera mnyamata wolumidwa ndi garu waciwewe. Anamwalira pa 28 Seputembala 1895, ali ndi zaka 72.

Tsono mukamva mbiya ya thobwa irikuwira, kapena mukapumira pa mzere thukuta liri kamukamu, kumbukirani munthu ameneyu, amene sanapeputse dandaulo la mnzace.